Mawu a Anesi pa Memori Khadi

Tiwonge anali namwino pa kachipatala kena cha ku Luwani, ndipo chaka chimenecho amene ankamusowetsa mtendere anali bambo wina wa pa WhatsApp wodzitcha dokotala. Nkhope yake palibe ankaidziwa, koma mawu ake anali ponseponse: akuti mapiritsi a BP amawoletsa impso, imwani adyo ndi mandimu basi. Anthu akwathu nawo, chinthu chikangotuluka m'foni amachilandira ndi manja awiri.

Odwala anayamba kujomba. Tiwonge ankadera nkhawa kwambiri mayi Ethel, ogulitsa tomato pamsika, chifukwa BP yawo inali yosaseweretsa. Iwowa akanangosiya mankhwala, sakanachedwa kugwa.

Choncho anajambula mawu akeake kuti ayankhe bodzalo. Anachita monga amachitira pophunzitsa odwala pakhonde la chipatala, kuyamba ndi kutchula bodza lenilenilo momveka bwino: "Mapiritsi a BP amawoletsa impso. Siyani, muzimwa adyo." Anapuma kaye kuti zilowe, kenako n'kunena kuti zimenezo n'zabodza, n'kufotokoza bwinobwino chifukwa chake. Atatha anawatumiza mawuwo pa WhatsApp.

Chimene anaiwala ndi mmene mawu amayendera kuno. Ambiri sagula bandulo. Amapita kwa Salimu wotchajitsa mafoni, amene amawaikira nyimbo ndi mauthenga pa memori khadi. Ndipo Salimu sakonda zazitali, amati zimadya malo a nyimbo. Mawu a Tiwonge atam'fika, anamvera koyambirira kokha, ndipo pamene namwino anapuma paja, iye anayesa kuti nkhani yathera pomwepo, n'kudula.

Tsiku lina mayi Ethel anabwera nawo pa njinga yamoto, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Tiwonge anapsa mtima, n'kutembenukira kwa mwana wawo wamkazi, Lonjezo.

"Kodi munawalekereranji kuti asiye mankhwala? Sindinanene ine?"

"Munanena ndithu, anesi," anayankha Lonjezo mosakweza mawu. "Za dokotala wa pa WhatsApp uja amayi ankakana. Ankati iwo amvera inu nokha basi."

Lonjezo anatulutsa kafoni ka mabatani n'kudina. M'chipindamo munamveka mawu a Tiwonge, odekha, aulemu, akulamula kuti mapiritsi asiyidwe. Tiwonge anamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi, koma wom'kalipira panalibe.

Mayi Ethel atawazindikira mawuwo anayang'ana namwino wawo, n'kuyesa kumumwetulira ndi mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito.