Mapaipi a Mkamwini

Galimotoyo inali yakale kuposa mwini wake. Inayamba yanyamula azungu oona nyama, kenako thonje, kenako inagona pamiyala kuseri kwa kampu ina mpaka aphunzitsi a Mwaba, mkamwini wa Tabeth, ataigula. Tabeth sankaikonda. Ankaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi chokha: pamudzi ponse ndi iyo inkatha kuwoloka mchenga wa Lupande n'kukafika kuchipatala ku Msoro. Ndipo Pamela, mwana wa Tabeth, mkazi wa a Mwabawo, anali ndi pakati poyamba, mwezi wake uli womwewo.

Ndiye tsiku lina lole ya kanta ya ku Chipata inatula katoni. M'katimo munali mapaipi onyezimira, opotana ngati matumbo a mbuzi. A Mwaba anachita kuwaitanitsa pafoni. Ati akachotsa chitsulo chakale chotulutsira utsi pa injini n'kumangapo amenewa, galimoto izipuma bwino. Kupuma! Galimoto yoti yadya fumbi la m'chigwa muno moyo wake wonse, lero yayamba chifuwa.

Mpongozi sayankhula ndi mkamwini ngati akutsatsa nsomba. Tabeth anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kumbali.

"Apongozi, mnzanuyu watopa," anatero, kunena Pamela.

A Mwaba kwawo ndi ku Kasama, ndipo Chinyanja chawo anachitola pamsika. Anapukuta paipi ndi mpango, n'kugwedeza mutu mwachifundo.

"Zoona amayi, kutentha uku. Apumuleko, asamatunge madzi."

Ngakhale nkhuku ya pamudzipo ikudziwa kuti mayi woyembekezera akatopa ndiye kuti masiku akwana. Munthu wophunzitsa ana a eni ake giredi seveni anamva za madzi.

Madzulo ake boneti inali itayasama, m'menemo mutalowa theka la Benwell, makanika wa pansi pa mtengo wa bwemba. Ameneyu ndi msuwani wa Tabeth, choncho pa iye pakamwa panali potsekula.

"Iwe Benwell, aphunzitsi sanamve. Nawenso makutu unasiya kumowa?"

"Ndamva, mkazi wanga. Mawa lomweli ikhala ikuyenda."

"Mkazi wako ndani? Njinga yako ilibe mabuleki chiyambire chisankho chatha."

Mawa la Benwell ndi lalitali. Bawuti ina inali itadyedwa ndi dzimbiri, inathyokera m'kati. Ataichotsa movutikira, anapeza kuti mapaipiwo anapangidwira maiko amene chiwongolero chimakhala mbali inayo, ndipo apa ankagunda chitsulo cha chiwongolerocho. Benwell anatenga hamala. A Mwaba anatseka maso pamene chuma chawo chonyezimira chinkaphwanyidwa ngati chitini. Mapaipi analowa, koma kumapeto kwake sankakumana ndi sailensa, chitsulo chochepetsa phokoso la injini. Panatsala mpata woti nkhuku n'kudutsapo. Amuna awiriwo anakhala pansi kuuyang'ana mpatawo, ngati kuti uchita manyazi n'kudzitseka wokha.

Mpata uja ukadali pomwepo, dzuwa lili pamutu, Tabeth anapeza Pamela atagwira chitseko ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Matenda anali atayamba.

Tabeth anali atakonza kale zonse. Mayi wopita kukachira amachoka mwakachetechete, ngakhale woyandikana naye nyumba osadziwa, chifukwa si onse okupatsa moni amakufunira zabwino, ndipo wina akhoza kumanga njira ya mwana. Beseni ndi zitenje anazibisa m'thumba la chimanga kuti anthu aziti ndi ulendo wa kuchigayo.

Ulendo uno sanagwade. Anaima chiriri pamaso pa mkamwini wake, n'kumuyang'ana m'maso.

"Mkazi wanu akubereka. Lero. Chinyanja chimenechi mwachimva?"

Sipanala inagwa m'manja mwa Benwell. A Mwaba anayamba kuthamanga uku ndi uku, kufunafuna makiyi amene anali m'dzanja lawo. Sailensa anaimangirira ndi waya kuti isakokere pansi, Pamela anamukweza kutsogolo, ndipo injini inalira.

Sikunali kulira koma chiphaliwali. Mbuzi zinadula zingwe. Anyani amene ankaba mango anathawira kumtsinje. Mudzi wonse unatuluka, ana, okalamba, ngakhale anthu amene ankati akudwala sangapite kutchalitchi. Galimoto inadutsa pakati pawo pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, aliyense n'kusuzumira pawindo, n'kumuona Pamela akuluma chitenje.

"Kuchigayo kwabwino, amake Pamela!" anakuwa mayi Jessy, oyandikana nawo nyumba, mano onse ali pamtunda.

Tabeth anali kumbuyo ndi Benwell, atakhalira thumba lake, pemphero lili pakamwa. Mchenga wa Lupande anawoloka mofanana ndi kale, osachedwerapo, osafulumirirapo. Chimene chinawonjezeka ndi kutentha kwa pansi pa galimoto basi, moti Pamela anafika mapazi atawakweza m'mwamba.

Namwino Nasilele anawachingamira pageti pa chipatala atatseka makutu.

"Zimitsani chimenecho! Muno muli odwala. Mayiyu alowe, galimoto mukankhe mpaka kumsewu."

A Mwaba anakankha, taye yawo ili paphewa.

Pamela anachira dzuwa lisanalowe. Tabeth anatuluka manja akununkha sopo, msana ukuwawa, makutu akulirabe. Kumsewu kuja mkamwini anali chiimire, akuyang'ana kugeti. Tabeth anakodola msuwani wake.

"Pita ukawauze kuti ndi wamkazi, ndipo onse ali bwino. Ine ndayankhula nawo zokwanira chaka chino."