Masipika pa Maliro a Bonifasio

Masipika anafika m'mawa wa tsiku loika maliro, nkhungu isanachoke paphiri. Nditawaona akutsitsidwa m'kagalimoto ka Alvin, amene amabwereketsa zoimbira pamaukwati ku Kasina, mtima wanga unayamba kuwira. Womwalirayo anali mlongo wanga Bonifasio, munthu amene anaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu. Munthu wotero n'kumuperekeza ndi jenereta?

Achimwene anapeka nyimbo zambiri, koma imene aliyense kuno amaidziwa ndi ya pamanda. Bokosi likatsika, wotsogolera amaimba kuti, "Akugogoda pakhomo panu, Ambuye, ndi uje," n'kutchula dzina la malemu. Kenako pamakhala zii. Mwana wamkulu wa malemu amayankha yekha kuti, "Ndi wathu, alandireni," ndipo khamu lonse limavomera. Adzukulu sathira dothi yankho limenelo lisanamveke. Wotsogolera wake ndakhala ndili ine, Zione, ndipo mayina amene ndawatchula pamandapo ndi mudzi wathunthu.

Tsiku lina wina anatijambula pafoni tikuimba n'kuponya pa intaneti. Anyamata a situdiyo ina ku Lilongwe anaitola nyimboyo, anaikamo ng'oma zothamanga ndi mawu osalala ngati a munthu amene sanadwalepo chimfine. Dzina anachotsa, mpata wodikira yankho anatseka. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kanameta nyimbo ya achimwene mpala. Inafala m'mafoni, m'maminibasi, mpaka m'malo omwera mowa, anthu n'kumadula chiuno ndi nyimbo ya pamanda. Achimwene anakaimva koyamba kuboma atapita kukagulitsa kachewere. Atabwerako anangoti, "Yakoma ndithu. Koma ikuthamangira kuti? Sikudikira munthu."

Alvin anandipeza kuseri kwa nyumba ya siwa n'kunditambasulira foni.

"Mayi, a Kingsley akufuna akulankhuleni."

Kingsley ndi mwana wamkulu wa achimwene. Ali ku Joni, ndipo mapepala ake ndi osalongosoka moti akatuluka sangakalowenso. Ndiye amene anatuma masipikawo, n'kuuzanso Alvin kuti aziloza foni kumaliro kuti iye azionera komweko.

"Azakhali, pamanda paja tiika yapasitudiyo ija," anatero. "Anzanga kuno akhala akuonera nane. Ndikufuna adziwe kuti nyimbo amaivinayi mwini wake ndi bambo anga."

"Mwini wake akamudziwa bwanji, poti dzina mulibe?"

"Alvin alengeza pamaiki."

"Bambo ako si mbuzi yotayika yoti ilengezedwe pamaiki. Dzina lawo ndiliimba ine, iwe uyankha."

Nkhope yake inauma pagalasi la foni ngati chithunzi cha pakhoma. Ndinayesa kuti netiweki yathawa. Kenako analankhula motsitsa.

"Ndiyankha bwanji ndili kuno, azakhali? Netiweki ya kumudziko imachedwa. Mudzaimba, kudzakhala zii, anthu n'kumati mwana wake ali kuti. Ndalephera kale kubwera. Musandiyalutse kawiri."

Chisoni chinandigwira, sindikana. Mwanayu ndinamubereka kumsana. Koma chisoni changa sichichedwa kusanduka ukali, ndipo ndinam'bwezera Alvin foni yake ndisanalankhule zoti ndikalape kwa abambo mfumu.

M'nyumba, mlamu wanga Magadalena, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa pakati pa amayi, atafunda chitenje kumutu. Chimwalirireni amuna awo anali asanalankhule zomveka. Nditagwada pafupi anandigwira dzanja.

"Alamu, ndamva za masipika. Kodi bambo awa apita osatchulidwa dzina? Iwo anatchulitsa anthu onse aja."

"Atchulidwa," ndinatero.

Masana tinanyamuka ulendo wa kumanda. Alvin anatsogola ndi kagalimoto kake, anakaimika m'mphepete mwa mitengo, n'kuyala chingwe chachitali mpaka pafupi ndi dzenje. Ndisamunamizire, mnyamatayo si woipa. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo anaitenga ngati mmene amatengera ya ukwati. Dzanja lina anagwira foni yoonetsa Kingsley, lina likudikira pakabatani.

Akatekisiti anamaliza mapemphero. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, n'kutenga makasu. Ine ndinakoka mpweya kuti ndiyambe, koma masipika anandipambana liwiro. Ng'oma zija zinagunda mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. Ana ena kumbuyo anayamba kugwedeza mapewa, poti matupi awo anaizolowera nyimboyo. Amayi a kwaya anayang'anana. Adzukulu anasokonezeka, ndipo mmodzi anatapa dothi pakhasu, poganiza kuti mwambo wasintha.

Dothi limenelo ndi limene linandinyamula. Ndinadumpha nkhata za maluwa, ndinawerama pa sipika yaikulu, n'kuzula chingwe ngati ndikuzula chisoso m'munda. Phokoso linaduka pakati pa mawu.

"Mayi, a Kingsley anati..." anayamba Alvin.

"Kingsley ndi mwana. Maliro ano ndi a kwathu. Kweza foniyo m'mwamba, aone bwino."

Ndinakulunga chingwecho kudzanja, ndinaima kumutu kwa dzenje, n'kuyamba. Mawu anga si osalala. Ndi a mayi wolima kachewere m'chisanu cha Dedza. Koma ndinaimba pang'onopang'ono, mmene mwini wake anatiphunzitsira.

"Akugogoda pakhomo panu, Ambuye, ndi Bonifasio."

Kunakhala zii.

Mphepo inkawomba m'mitengo. Jenereta inkalira yokha kutali, yopanda ntchito. Pafoni nkhope ya Kingsley inali itaumanso, kachizindikiro kakungozungulira pamphumi pake. Akatekisiti anatsokomola. Mayi wina wa kwaya, pofuna kutichotsa manyazi, anatsegula pakamwa kuti ayankhe m'malo mwa Kingsley, koma ndinamuletsa ndi dzanja. Wamkulu wa adzukulu anandiyang'ana, khasu lili m'manja.

"Tithire, mayi?"

"Dikirani. Mwana sanayankhe."

"Netiweki yathawa," Alvin ananong'ona. "Mwina osabweranso."

"Ndiye tigona pompano."

Ndinkaopa, ndinene zoona. Ndinkaopa kuti mwana uja wadula foni chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndamuyalutsadi pamaso pa mudzi ndi anzake a ku Joni. Koma achimwene anaika mpata umenewu m'nyimbo kuti udikire munthu, ndipo sindikanautseka ine mlongo wawo. Alvin anakwera pachulu chapafupi, dzanja lili m'mwamba, akutembenuza foni uku ndi uku. Anthu onse aja anaima osakhosomola, moti ndinkamva kupuma kwa Magadalena kumbuyo kwanga.

Kenako foni inatsitsimuka, ndipo munatuluka mawu aang'ono, oduka ndi kulira, osagwirizana n'komwe ndi kayimbidwe kake.

"Ndi wathu... ndi bambo anga. Alandireni."

Khamu linavomera mpaka phiri linabweza mawu. Magadalena anagwada pansi n'kulira mokweza, kulira kumene anakhala akukumeza chimwalirireni amuna awo. Wamkulu wa adzukulu anathira khasu loyamba.

Alvin anatsika pachulu maso ali ofiira, n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse chingwe chake. Ndinam'patsa adzukulu atamaliza kuumba mtumbira.