Zinthu Zisanu za a Mesenjala

Mkazi wa a Mesenjala anali atasesa kale khonde kawiri, koma tsache linali m'manjabe. Maso ake sanali pa zinyalala, anali pa geti. Amuna ake anatuluka naini koloko, ndipo tsopano dzuwa linali pamutu.

Adokotala atanena kuti bamboyo wayamba matenda oiwalaiwala, choncho miyendo iziyenda ndipo mutu uzigwira ntchito, mayiyu anapeza nzeru yake. M'mawa uliwonse ankawatuma kugolosale ya kutsidya kwa mlatho, kusiya yapafupi, atawauza zinthu zisanu pakamwa pokha. Munthu amene anayenda zaka makumi atatu mauthenga a ofesi yonse ali m'mutu, kumupatsa kapepala n'kumutukwana. Kabati inadzaza machesi ndi singano zoti sangazimalize mpaka kufa, koma iye analibe nazo ntchito.

Lero anawatuma sopo, machesi, kandulo ndi ulusi wakuda. Chachisanu sichinkasintha tsiku lililonse: "Mubwere kunyumba."

Galimoto inaima pageti, mtima wa mayiyo n'kungoti myuu. Anali mwana wawo wachisamba. Mwezi watha, bambo ake atasochera mpaka madzulo, iyeyu analumbira kuti zikadzachitikanso adzagula loko, ndipo nkhalambayo sidzatulukanso yokha.

"Abambo ali kuti, amayi?"

"Angotuluka kumene."

"Amayi, mudzawaphetsa ndi masewera anuwa. Kumsewu kuja malole sayang'ana munthu."

"Nanga ukawatsekera m'nyumba ndiye kuti wawasunga? Bambo ako si mpando, iwe."

Mayiyo anali wolimba pakamwa pokha. Analowa kukhitchini, n'kuiwala chimene walowera. Anatuluka, anafika pageti, anasuzumira uku ndi uku, anabwerera, anatolanso tsache lija. Mwanayo anali atayamba kale kuseweretsa makiyi a galimoto.

Kenako a Mesenjala anatulukira pakona, malaya ali opisira ngati akupita ku ofesi, milomo ikugwedera, zala zikuwerenga. Anafika thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuyala katundu pakhonde. Sopo. Machesi. Kandulo. Apo anaima, n'kuyang'anitsitsa chala chachinayi. Mwanayo anatembenukira amayi ake.

"Chachinayi chandithawa," anatero bamboyo mwamanyazi. "Ndabwerera pamlatho kawiri kuti mwina ndichikumbukira, koma ayi ndithu."

Kenako anatukula chala chachikulu, n'kudziloza nacho pachifuwa.

"Koma chachisanu ndi ichi, mayi. Ndabwera."

Mwanayo anayang'ana geti nthawi yaitali. Makiyi aja anawaika m'thumba, n'kuwerama kuvula bambo ake nsapato zafumbi.

Mayiyo anatsamiritsa tsache kukhoma, ndipo analankhula mokweza kuti mwana wake amve bwino.

"Ulusiwo mukagula mawa, bambo."