Mwala Umodzi, Supuni Imodzi

Mabotolo a vinyo wa Misa anali asanu ndi limodzi pamene Jerónimo anawatsitsa m'bwato la ku Likoma pa Cobue. Anawakwirira mu ufa wa chinangwa, nasenza dengu masiku awiri m'mbali mwa nyanja, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Asilikali a panjira anapisa manja mu ufawo natenga awiri, ati ongolawa. Lina linasweka ataterereka pathanthwe. Atatu okha ndiwo anafika kukatchalitchi ka kwawo, kumpoto kwa Msumba, kumene iye ankasamala za paguwa.

Anawagoneka chammbali m'dzenje pansi pa guwa, kuti chotsekera chisaume ndiponso kutentha kusasasitse vinyo. Inali nkhondo, chaka cha 1987, ndipo mwini bwato uja anali atawolokeratu ku Likoma osabwereranso. Pofika Pasaka panatsala theka la botolo. Jerónimo ankaliyang'ana padzuwa, chala chili pamene vinyo walekezera, n'kuwerenga: Padre Moisés amabwera kamodzi pamwezi, olandira mgonero atsala makumi awiri, ndiye kuti miyezi inayi. Ukatha, Misa yathanso, ndipo analibe miyendo ya ulendo wina.

Mwambo wa pamenepo unali wakale. Wofuna kulandira ankaponya kamwala m'chikho cha pakhomo polowa, Jerónimo n'kuyeza: mwala umodzi, supuni imodzi. Sankafunsa za nkhope, ankakhulupirira miyala, poti miyala sinama.

Mmawa wa Pasaka anatengera chikhocho kukachipinda ka kuseri. Chinali cholemera. Anawerenga kawiri, miyala makumi asanu ndi awiri kudza inayi. Anasangalala nadziuza kuti: Abwerera! Othawa nkhondo atsika kumapiri, ena awoloka kudzadya Pasaka kwawo! Jerónimo, nkhalamba yonseyo, yoti ikanangosuzumira pakhomo, inakhala pansi n'kuyamba kuthira, supuni ndi supuni, mpaka botolo linagwedezeka lopanda kanthu.

Anazindikira atatuluka ndi mtanda. M'tchalitchi munali anthu omwe aja a mwezi watha, amayi ndi nkhalamba, mikeka yambiri ili pululu. Akanatha kunong'oneza padre, koma manyazi anamumanga pakamwa, ndipo mawu opatulira ananenedwa. Vinyo wopatulidwa sabwerera m'botolo. Anthu atalandira, padre anasuzumira m'chikho cha paguwa, nayang'ana Jerónimo, namwa wotsalayo pang'onopang'ono monga lamulo linenera. Miyezi itatu inatsika pakhosi pa munthu mmodzi wosadya chigonere.

Panja Jerónimo anakhuthula miyala ija pamchenga.

"Ndani wachita zimenezi? Garafa ya vinyo ija ndinasenza ine pamutu panga! Mwayesa masewera?"

Kenako a Gertrudes, mayi wouma ngati usipa wa pathandala, anawerama natola miyala inayi.

"Iyi nja ine, a Jerónimo. Wanga umodzi, itatuyi nja anyamata anga. Suja mumatiphunzitsa nokha kuti pa Pasaka Mkhristu aliyense ayenera kuwerengedwa? Kaya ali kuthengo kaya ali pansi, ine sindikudziwa. Ndiwasiye?"

A Glória anatola isanu. A Cacilda anatola iwiri, ya mwamuna wawo ndi mlamu, poti wawo womwe anali atayiwala kuponya. Aliyense ankaidziwa yake, wina woyera, wina wamawanga. Jerónimo anafuna kukalipa, koma mkwiyo unamuthera, patsala kutopa kokha. Anakhala pansi pomwepo.

Onse atatola, pamchenga panatsala iwiri. Padre Moisés, maso atafiira pang'ono, anafunsa kuti nja ndani.

Jerónimo anaitola osadzutsa mutu. Umodzi unali wake. Winawo, wakuda wosalala, anali atauponya m'chikho mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri, chitengedwere mwana wake Amândio kumunda ndi ankhondo, n'kumathira supuni yake osauza munthu.

"Ndimayesa mwala wa munthu wosowa ndimaponya ine ndekha," anatero.