Dzina Lodulidwa ndi Inki Yofiira

Ngati vuto ndi Loweruka, chabwino, Loweruka silipha munthu. Umu ndi momwe U Kyaw Zan, mlembi wa bungwe la mpira, ankadzitonthozera masanawo atagwira pepala la osewera lomwe linali litangobwera kuchokera kwa a Jenerali. A Jeneraliwo, apampando a bungwe, chibadwire sanamenyepo mpira, koma cholembera ankachidziwa, ndipo anali atadula dzina limodzi lokha: Nyan Tun, goloboyi wobadwa Loweruka, mwana wa mlongo wake wa Kyaw Zan.

Ndani mu Rangoon sankadziwa kuti a Jenerali sachita kanthu asanafunse wowerenga nyenyezi wawo? Mwina ndiye wanena kuti wobadwa Loweruka asalowe m'bwalo tsiku lolimbirana chikho — chaka chatha paja anazungulitsa timu yonse pakachisi kasanu n'kanayi, madoda a ndevu zawo, kupempha zigoli. Koma Kyaw Zan anali ndi nthenda yofuna kudziwa, ndipo popeza m'dzikomo dzina la munthu limaulula tsiku lomwe anabadwa, chala chake chinayamba kutsika ndi mndandandawo, dzina ndi dzina, mpaka chinaima pa Tin Naing, wa Loweruka nayenso, ali bwinobwino, inki yosamukhudza.

Ndiye si nyenyezi. Nanga n'chiyani? Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, iye anali yekha, ndipo mantha anamugwira. Anakumbukira masiku awiri aja mwezi watha, ophunzira atadzaza misewu kutsutsa boma, Nyan Tun atasowa kukampu, iye n'kulemba ndi dzanja lake lomweli kuti mwana wadwala malungo, osamufunsa n'komwe komwe anali — chifukwa chiyani sanafunse, iye wofunsa zonse? Kapena ankadziwa kale?

M'chipinda chovalira anapeza mnyamatayo atavala kale magolovesi.

"Amalume, ndalakwanji?"

"Nyenyezi, mwanawe. Ukhale pabenchi."

Anafuna kuwonjeza kuti thawa, tulukira kuseri, kwera sitima ya ku Mandalay usiku usanagwe, koma pakhomo panali pataima kaputeni wa asilikali woyang'anira timu, akutafuna mtedza wake wofiiritsa mano.

Kumipando ya akuluakulu, a Jenerali anakodola Kyaw Zan, n'kumukankhira mbale ya masamba a tiyi ovunditsa.

"Khalani pafupi, Saya. Lero tionera limodzi mpaka kumapeto."

Ulemu wotere, mpaka kutchedwa Saya ngati mphunzitsi, sanaulandirepo zaka khumi zonsezi. Anatapako pang'ono, akuthokoza, osamva kukoma. Wezulo inalira, bwalo lonse linagwedezeka ndi phokoso, koma maso ake, osamva kuletsa, anatsikira kubenchi n'kuyamba kuwerenga. Iye analemba osewera apadera asanu. Pabenchi panali asanu ndi awiri, onse m'majezi a timu, ndipo awiri omwe anakhala uku ndi uku kwa Nyan Tun nkhope zawo sankazidziwa, kumapazi kwawo kunali nsapato za usilikali, ndipo mpira sankauyang'ana.