Firiji ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anakalambira m'chipinda cha injini. Kuyambira unyamata wawo ankagwira ntchito m'sitima zazikulu zapamadzi, zija zomwa mafuta ngati zili pa mpikisano n'kumasiya utsi wakuda bii kumbuyo. Anzawo anawapatsa dzina loti a Dizilo, ndipo linawakhala. Sitima yawo yomaliza itagulitsidwa kwa odula zitsulo, anabwerera kunyumba kukasowetsa mtendere achemwali. Anamasula wayilesi, anamasula makina osokera, mpaka wotchi yapakhoma yomwe inalibe mlandu uliwonse.

"Uwatenge, m'bale wanga," anatero achemwali pa foni. "Akakhala pano mwezi wina amasula ineyo."

Ine ndimaphika m'sitima yoyendera mphepo. Ndi ya katundu ndithu, timanyamula khofi ndi koko, koma m'malo mwa utsi tili ndi matanga, zinsalu zikuluzikulu zokola mphepo n'kumatikankha. Injini ilipo, yaing'ono, yotulukira ndi kulowera padoko basi. Eni katundu amatisankha chifukwa cha chimenecho, ndipo pa mapaketi awo amalemba kuti khofiyu wabwera ndi mphepo, sanaipitse mpweya. Ndiye injini ikalira pakati pa nyanja popanda chifukwa, a Kaputeni amakhala ndi mlandu wokayankha.

A Kaputeni athu ndi mayi wosachulutsa gaga m'diwa. Nditawachonderera anangoti, "Makaniko tikumufunadi. Abwere."

Vuto linaonekera tsiku loyamba lomwe. Alamu anapatsidwa kulondera usiku, choncho ankagona masana. Tikutuluka padoko injini inali kulira, iwo n'kugona bwinobwino ngati mwana wakhuta. Mphepo itagwira matanga, a Kaputeni anazimitsa injini. Posakhalitsa ndinangoona munthu wopanda nsapato, malaya kumanja, akudutsa pakhomo la khitchini ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Tisanadziwe chomwe chikuchitika, alamu anali atailiza kale injini.

Munthu wa injini sadzutsidwa ndi phokoso, amadzutsidwa ndi chete. M'sitima zawo zakale, kukangoti zii ndiye kuti injini yafa ndipo sitima ikungotengeka ndi madzi. Thupi lawo linaphunzira kuthamanga mutu usanadzuke. Tinaseka tonse mpaka misozi, ngakhale a Kaputeni anamwetulira pang'ono. Koma zitachitikanso kachiwiri panalibe anaseka.

"Bambo, ndimakulemekezani," anatero a Kaputeni. "Koma mukailizanso, mutsika padoko lotsatira."

Alamu anaima chipewa chili m'manja, mutu waimvi uli pansi. Zinandipweteka mumtima, sindinama. Munthu wamkulu, wodziwa ntchito yake, n'kumakalipiridwa chifukwa cha khalidwe lomwe linkapulumutsa anthu kale.

Nzeru yawo inali yoti asiye kugona. Maso anafiira psu, ndipo tsiku lina anathira mchere mu tiyi n'kumwa osadandaula. Ndinawauza kuti tulo si mnzako womuzemba, koma alamu anga akagwira mfundo agwira.

Kuseri kwa khitchini kuli kachipinda kosungira zakudya, ndipo mmenemo muli firiji yakale yomwe ndinkadana nayo. Inkalira gwedegwede, gwedegwede, usana ndi usiku, mpaka mabotolo pashelefu ankavina. Masana ena ndinawatuma alamu kuti akanditengere batala. Ndinadikira, batala osabwera. Nditasuzumira ndinawapeza atatsamira firiji ija, tsaya lili pa chitseko, akuliza mkonono ali chiimire.

Sindinafunse munthu. Ndinakoka matiresi awo n'kuyala pakati pa thumba la anyezi ndi la mpunga. Kuyambira pamenepo alamu ankagona ngati mwala, n'kumadzuka akununkha anyezi koma ali osangalala. Anayamba kuphunzira zingwe za matanga, kudzoza mafuta mawilo okokera, ngakhale kuimba mluzu. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa wina ndikulowa m'khitchini ndinamva kuti chinachake chasowa. Mabotolo anali phee. Alamu anatuluka m'kachipinda kaja akupukuta manja, mano onse pamtunda.

"Alamu, mwandichitira zabwino zambiri," anatero. "Ndakukonzerani firiji yanu. Inali bawuti imodzi yokha, inakhwefuka."

Ndinakhala pansi pa ndowa. "Inu a Dizilo, mwakonza firiji, mwawononga tulo."

"Aa, ndinachira kale ine. Ndazolowera."

"Yimasuleni bawutiyo."

"Makaniko samasula chomwe wamanga bwino," anatero, n'kukagona.

Masana amenewo ndinasenda mbatatesi nditakhala pakhomo penipeni, khutu lili kukachipinda. Sizinathandize. Anandidumpha ngati sindilipo, mbale ya mbatatesi n'kugubuduzika. Ndinatola chipande n'kuwatsatira m'kanjira kopanikiza kopita ku injini. Ndinawapeza dzanja lili kale pa chogwirira chitseko. Pamwamba pa masitepe panaima a Kaputeni, kapu ya tiyi m'manja, akungoyang'ana.

Anali akadali m'tulo, ndipo kukuwa kukanangowathamangitsa. Ndinayandikira n'kulankhula chapansipansi.

"Alamu, achemwali anagula wotchi ina yatsopano. Akuti mukabwerera muzikaiona ndi maso okha, tsiku lonse, mutakhala pampando."

Anaima. Anapuma mwamphamvu, maso n'kutseguka bwinobwino. Anayang'ana dzanja lawo lija ngati ndi la munthu wina, kenako analichotsa pa chitseko pang'onopang'ono n'kulipisa m'thumba. Linatuluka ndi sipanala.

Anatembenuka, ine pambuyo, a Kaputeni pambuyo panga. M'kachipinda muja anagwada kuseri kwa firiji, anaika sipanala pa bawuti ija n'kutseka maso ngati akumwa mankhwala owawa. Anapotokola kamodzi. Firiji inatsokomola, kenako gwedegwede, gwedegwede, mabotolo n'kuyambiranso gule wawo.

"Moyo wanga wonse sindinawonongepo makina mwadala," anatero.

A Kaputeni anamwa tiyi wawo, akumvetsera phokoso lija. "Firiji imeneyi asadzaikhudzenso munthu," anatero. "Kuyambira lero nayonso ili pa ntchito."

Tinafika padoko ndi mphepo yokhayokha, ndipo alamu anailiza injini pamene anauzidwa kuti ailize, akunyadira ngati tambala. Khofi akutsitsidwa, ndinaimbira foni achemwali n'kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero. "Sabata yomwe anabwera kunyumba anayamba n'kukonza firiji yathu, ndipo kuyambira pomwepo sanagonenso. Ine ndimayesa atopa nane." Ndinawamva akupukuta mphuno. "Tandiuza, m'bale wanga, bawuti imeneyo imakhala mbali iti? Ndikufuna akamafika adzaipeze ikulira."