Botolo la Apongozi

Mwana atayamba kulira kuchipinda, telala anaponya sizasi pa makina n'kuthamanga. Anapeza apongozi ake atamufungatira kale, botolo la mkaka lili m'manja.

"Bwerera ku nsalu zako," anatero apongoziwo osamuyang'ana n'komwe. "Za bere lakolo tinakamba kale."

Chitulukire kuchipatala, mwanayo sankaloledwa kuyamwa. Mabere a telala anali atatupa gwa, mkaka ukunyowetsa bulauzi pamaso pa makasitomala. Mlandu wake unali woti ali woyembekezera anamupeza ndi kachilombo ka matenda a chiwindi, aja amati hepataitisi B. Atamuyezanso patapita theka la chaka anakapezabe. Namwino anamuuza kuti kanakhazikika m'thupi, mwina anabadwa nako, koma chiwindi chili bwino, azingopita kukaonedwa. Mwana anamubaya katemera tsiku lomwe anabadwa, ndipo anati ayamwe mmene angafunire.

Zonsezi telala anazifotokoza mpaka kukhosi kuuma. Koma apongozi anali ndi chipatala chawochawo m'mutu.

"Amayi, ndipatseni mwana wanga."

"Kuti umumwetse matenda? Mawu a akulu akoma akagonera, udzandithokoza."

Mwana analavula botolo n'kudzikanda patsaya. Apongozi anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa lezala, lomwe lija ankawengera zikhadabo zawo, nthawi zina mpaka kudzicheka. Anagwira kachala ka mwanayo kuti amuwenge zikhadabo.

Apa telala mtima unamuwira. Anawagwira dzanja, lezala linagwa pansi.

"Mkaka wanga mukuuopa, koma lezala lanu ayi? Matendawa amayenda m'magazi, amayi, osati m'bere!"

"Iwe! Ukunditukwana? Ine ndilibe matenda!"

"Anakuuzani ndani?"

Mwamuna wa telala, dalaivala wa lole, anaima pakhomo atanyamula nsapato, chete ngati mlendo.

"Inu bambo ake, wakusokani pakamwa ndani? Telala m'nyumba muno ndine, koma sindinakusokeni."

"Amayi akungofuna kuteteza mwana," anayankha chapansipansi.

"Namwino anati nonse a m'nyumba muno mukayezetse, amene alibe abayidwe katemera. Munapita?"

Dalaivala anayang'ana nsapato zake.

"Mwamuna wamkulu ndevu pepeya, kuopa kasingano! Ine magazi anga ndikuwadziwa. Anuwo akuwadziwa ndani? Mwandisandutsa wonyansa m'nyumba yanga yomwe chifukwa ndine ndekha ndinalimba mtima kukatambasula mkono."

Sanapemphenso. Anamuchotsa mwana m'manja mwa apongozi, nakhala pabedi n'kumasula mabatani. Mwana anafufuza pang'ono, kenako analigwira bere mwaukali. Ululu unamubaya telala mpaka kumsana, misozi inalengeza, koma sanamuchotse. Kulira kunatheratu, m'chipindamo munangomveka kumeza.

"Ukumuona mkazi wako?" apongozi anafunsa mwana wawo. "Sulankhula?"

Dalaivala anawerama, natola lezala lija n'kutuluka nalo.

Mwana atakhuta n'kugona, apongozi anatambasula manja mwachizolowezi kuti amulandire.

"Ayi, amayi," anatero telala. "Mkono umenewo uyambe wakafika kwa namwino."

Anamubereka mwana kumbuyo, nabwerera pa makina ake.